Nkhunda za a Sipoko Zikakaona Mzinda

Amene mukutsuka mbale chepetsani phokoso, amene muli pantchito tibwerekeni khutu limodzi. Yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Ine ndimangowerenga zimene mwandipatsa, zokoma ndi zowawa zomwe. Lero tiyamba ndi chokoma.

Namwino wa ku mzinda waukulu, mwana woyamba wa a Sipoko, akudziwitsa abale ndi abwenzi, atsibweni ake, azakhali ake onse awiri, ndi amayi onse amene ankasoka mayunifolomu pamodzi ndi mayi ake, kuti opaleshoni ya ng'ala ija yayenda bwino. Mayi akuona. Akuti atangowachotsa thonje m'maso anayang'ana mkamwini wawo, woyendetsa basi uja, n'kunena kuti, "Kani bambo muli ndi dazi?" Komabe adokotala alamula kuti chifukwa cha matenda a shuga aziwaona pafupipafupi, ndiye mayi sabwereranso kukakhala kunyumba. Azikhala konko kwa mwana wawo.

A Sipoko, kwa inu amene simuwadziwa, ndi bambo okonza njinga aja, pashedi ya malata kuseri kwa depoti ya basi. Foni anaikana kalekale, amati manja a girisi sagwira galasi. Chimene amamvera ndi wailesi imene imalendewera pamsomali pamwamba pa masipanala, n'chifukwa chake banjali likudzera kwa ife.

Tsono pakhala msonkhano wa banja Loweruka likudzali m'mawa, pashedi pomwepo. Nkhani ndi imodzi, yoti bambo asamuke akakhale ndi mayi. Aliyense abwere ndi mpando wake chifukwa benchi ya pashedi yatsala ndi miyendo itatu. Chilengezochi chachokera kwa Namwino, mwana wawo.

*

Tabweranso. Chilengezo cha lero wabwera nacho ndi mwiniwake, ndipo chitseko chathu cha ofesi chidakali ndi zala zisanu zakuda.

A Sipoko akudziwitsa makasitomala awo onse, a kabaza, ana asukulu ndi amayi ogulitsa mkaka panjinga, kuti mphekesera yoti atseka shedi ndi yabodza. Msonkhano unachitikadi, anthu anayankhula mpaka thovu kukamwa, koma iwo sanavomere kanthu. Akuti safunsa anadya phula, ndiye iwo afunsa amene anapitako, ndipo zimene amva sizinawasangalatse.

Akuti kumeneko kumazizira mpaka nkhungu imagona m'misewu dzuwa lili pamutu, pamene maondo awo ali ndi nyamakazi yoti ikamva mphepo imadzuka yokha. Akuti madzi n'ngogula, pokhala m'pogula, ngakhale malo okataya madzi munthu ukapanikizika amafuna ulipire kaye. Koma chimene chawaopsa kwambiri n'chakuti anthu ake sapatsana moni. Mumakhala khomo ndi khomo chaka chathunthu osadziwa kuti mnzako ali ndi ana angati. "Ine munthu woti tsiku silitha ndisanakangane ndi anthu khumi pa nkhani ya mpira," akutero a Sipoko, "ndikakakhala chete kumeneko ndikafa ndi mawu m'mimba."

Koma poti mayi ali konko, ndipo nyumba yakula kwambiri chichokereni iwo, a Sipoko aganiza zotuma akazitape. Apatsa mkamwini wawo nkhunda ziwiri za m'khola lawo, m'katoni yoboola. Oweta nkhunda mukudziwa kuti nkhunda ukaisamutsa umaitsekera mpaka iikire mazira, ikatero siichokanso. Zikakaikira n'kukhazikika, a Sipoko akuti amanga katundu tsiku lomwelo. Zikabwerera, ndiye kuti mzindawo waukana ndi mbalame zomwe, munthu asawavutitsenso. Chilengezochi chachokera kwa a Sipoko, okonza njinga.

Ine ndawerenga zilengezo zaka zambiri, koma nkhani ya banja kuisiya m'manja mwa nkhunda ndi koyamba. Tiona.

*

Chotsatirachi n'cha ziweto zosowa, ndipo mwiniwake wachibweretsa thukuta lili kamukamu.

Woyendetsa basi, mkamwini wa a Sipoko, akudziwitsa anthu onse okhala m'nyumba zosanja zoyandikana ndi chipatala chachikulu kuti nkhunda ziwiri za apongozi ake zasowa. Imodzi ndi yotuwa ya khosi lobiriwira, inayo ndi yoyera ya banga lakuda kumchira. Zinali pakhonde la nyumba yachitatu kukwera m'mwamba, m'khola limene iye anakhoma yekha ndi matabwa a mabokosi a sopo. Lachiwiri madzulo pobwera kuntchito anapeza kachitseko kali pululu, m'kati muli nthenga zokhazokha.

Akuti anazisamala ngati ana. Usiku ankazifunditsa bulangeti, madzi ankazipatsa ogula omwewo, ndipo m'mawa uliwonse ankapisa dzanja kufufuza dzira, koma dzira ayi. Wafunsa alonda, wafunsa ana osewera pamasitepe, wafunsa ndi mwini mphaka wa m'nyumba yapansi, amene wakwiya kwambiri ndi funsolo.

Amene waziona akauze kondakitala aliyense padepoti yaikulu, onse akumudziwa. Kwa apongozi ake akuti, "Bambo, pepani, musafulumire kuweruza. Mwina zangopita kokaona malo." Chilengezochi chachokera kwa mkamwini, woyendetsa basi.

*

A Sipoko akudziwitsa mkamwini wawo kuti asiye kuvutitsa mphaka wa eni. Nkhunda zafika. Lachinayi m'mawa, iwo akumata chubu, anangomva phaphapha padenga la shedi, kutukula maso n'kuona zonse ziwiri, zowonda ngati zachokera kundende. Sizinayang'ane ndi chakudya chomwe, zinangolowa m'khola molunjika.

Akudziwitsanso Namwino, atsibweni ake ndi onse amene anali pamsonkhano kuti mlandu watha. Mbalame ilibe lendi yolipira, ilibe nyamakazi, koma yaona mzindawo n'kuuthawa. Nanga munthu? Akuti mayi apitirize kumwa mankhwala, ndipo iwo azipita kukawaona akapeza mpata. Shedi ndi yotsekula monga mwa masiku onse, ndipo mabuleki atsopano afika. Chilengezochi chachokera kwa a Sipoko.

Ndisabise, pobweretsa chilengezochi bambowa sanaoneke ngati munthu amene wapambana. Anaima pakhomo nthawi yaitali akupotokola chipewa, kenaka anandifunsa kuti, "Kodi kuchokera kumzinda sikunabwere kalikonse?" Ndinati ayi. Anati, "Chabwino," n'kukwera njinga yawo.

*

Chimene ankafunsa chija chafika lero. A Sipoko, ikani sipanala pansi, kwezani wailesi.

Amake Namwino akudziwitsa amuna awo, ndi onse amene akhala akutsatira nkhaniyi, kuti khola lija sanatsekule ndi mphaka kapena mphepo. Anatsekula ndi iwo. Mkamwini wawo alibe mlandu, ndipo amupepesa kale.

Akuti nkhunda za kunyumba anazidyetsa ndi manja awo zaka zonsezi, ndipo ngakhale maso anali ndi ng'ala ankazidziwa ndi kulira komwe. Tsono pano akuona. Katoni itangotsekulidwa anazindikira kuti yotuwa ija ndi yaimuna, yoyera ija ndi yaimunanso. Bambo inu, amuna awiri akanaikira dzira la chiyani? Mwana wa eni ankapisa dzanja m'mawa uliwonse kufuna chinthu chimene inu mumadziwa kuti kulibe. Ndiponso iliyonse munaichotsa pa mkazi wake, akaziwo akufungatira mazira. Sizinkadya. Zinkangoyang'ana mbali imodzi n'kumalira, mpaka mayi analephera kupirira.

Akuti sizinathawe mzinda ayi. Zinapita kumene kuli akazi awo. Zinadutsa m'nkhungu yomweyo imene inu mukuiopa, ndipo sizinafunse mtengo wa madzi.

Za mzindawo akuti sakunamizani. Kumazizira ndithu, koma dzuwa la m'mawa limafika pakhonde, ndipo akusokerani zovala m'maondo za nsalu ya bulangeti. Zinthu n'zodula, walira mvula walira matope. Koma pansi pa masitepe a nyumba yawo pali mulu wa njinga zakufa, ina yaduka tcheni, ina yapindika gudumu, eni ake amangozikankhira pamenepo chifukwa wokonza ali kutali. Za moni, iwo anayamba kupereka okha. Sabata yoyamba mayi wa khomo loyandikana ankangowayang'ana ngati akufuna kumubera. Pano amagogoda yekha kudzabwereka singano, ndipo ana ake ndi atatu.

Mawu otsiriza andipempha kuti ndiwerenge mmene alili, ndisakometse. "Bambo a Namwino, ndikudziwa kuti mukuopa. Inenso ndinkaopa. Koma maso anga atsekuka ndipo ndaona aliyense, adokotala, adzukulu, dazi la mkamwini. Nkhope yanu yokha ndi imene sindinaione bwinobwino zaka zonse zija. Ndakusowani." Chilengezochi chachokera kwa amake Namwino.

Pepani, ndimwe madzi pang'ono.

*

Masiku apitawa pashedi panali zii, kuno kunalibe chilengezo. Lero kwabwera ichi, ndipo n'cha munthu wosowa.

Ometa tsitsi a pafupi ndi depoti, mlamu wawo wa a Sipoko, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti a Sipoko sakuoneka kuyambira Lolemba. Ndi bambo aatali, owerama pang'ono, a imvi, zikhadabo zakuda, ndipo amatsimphina mwendo wamanzere kukachita mitambo. Shedi ndi yokhoma. Posuzumira pa mng'alu wa malata, masipanala palibe, pampu palibe, wailesi palibe, watsala ndi msomali wokha. Khola la nkhunda nalonso lili mbee, ndi maunda omwe.

Ometawa akuti anawaona komaliza Lamulungu masana. Analowa n'kukhala pampando osapereka moni, chinthu chimene sanachitepo.

"Alamu, mundimete."

"Mwezi sunathe, mukumeta chiyani?"

"Ndevu zomwe. Muchotse zonse."

"Ndevu zimene munakana kumeta pa ukwati wa mwana wanu?"

"Inu metani. Kodi nkhopeyi ikuoneka bwanji? Munthu woona bwino angaipirire?"

Ometawa akuti anawayankha kuti nkhopeyo ndi yoipa monga kale, palibe chasintha, ndipo a Sipoko anaseka n'kutuluka. Sanatsanzike. Iwo ali ndi maganizo awo a kumene bambowa alowera, koma mtima suli m'malo chifukwa munthuyu sanayendepo ulendo wautali, ndipo mumzinda sadziwamo ndi msewu umodzi womwe. Amene wawaona adziwitse ometa tsitsi, kapena atiuze ife kuno. A kabaza atatu amene njinga zawo zinali pashedi akazipeze kwa ometawa, zonse n'zokonza. Chilengezochi chachokera kwa mlamu wawo, ometa tsitsi.

*

Alamu ometa tsitsi, khazikani mtima pansi. Munthu wanu wapezeka.

A Sipoko akudziwitsa abale, abwenzi ndi makasitomala awo onse akale kuti anafika bwino. Sanakwere basi ya mkamwini chifukwa cha manyazi a dzira lija, anakwera ina, ndipo padepoti yaikulu anasochera. Anaima pakati pa chipwirikiti cha anthu, makatoni anayi a nkhunda ali kumapazi, bokosi la zitsulo lili paphewa, akupereka moni kwa aliyense wodutsa. Ambiri anangowalambalala. Mayi wina wosesa ndi amene anaima n'kufunsa kuti, "Kodi si inu a nkhunda a pawailesi aja?" Anawaperekeza mpaka pamasitepe, katoni imodzi atasenza yekha.

Akuti za kuzizira mayi sanawanamize, maondo akudandaula m'mawa uliwonse. Za madzi ogula sanawanamizenso, ndipo mpaka pano akamamwa amatseka maso. Koma mwini nyumba wawalola kukonzera njinga pansi pa masitepe, ndipo nkhunda wazipatsa malo padenga. Zonse zapita ziwiriziwiri, mkamwini waziwerenga yekha pamaso pa mboni. Mlonda wa pageti ndi wa timu yolakwika, moti akangana kale kawiri, ndipo a Sipoko akuti munthuyo ndi wabwino.

Kwa alamu awo akuti pepani posatsanzika, akanatsanzika sakanachoka. Shedi muisamale, benchi ija muipezere mwendo.

Ponena za nkhope, akuti atagogoda anatsekula ndi mayi. Anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, mpaka a Sipoko anayamba kutuluka thukuta m'kuzizira konseko. Kenaka mayi anati, "Mwakalamba, bambo. Lowani, mphepo ikulowa."

Pomaliza akuthokoza ife a wailesi, ndipo akuti tisadikirenso chilengezo china kuchokera kwa iwo, chifukwa munthu amene ankafuna kuti azimva tsopano akumva popanda wailesi. Ife tataya makasitomala, koma sitikudandaula.

Chilengezochi chachokera kwa a Sipoko ndi amake Namwino, khomo limodzi.