Mawu Amene Abu Fadi Apita Nawo

Malemu achimwene anga, a Salameh Oudeh, amene tonse timawatcha Abu Fadi, anabadwa pa 9 Malichi 1951 konkuno ku Fuheis, m'nyumba ya miyala ili kuseri kwa tchalitchi chino. Tinabadwa atatu: iwowo, mlongo wathu Wardeh, ndi ine Jiries, chitsirizira, amene andikankhira kutsogolo lero chifukwa akuti pakamwa panga sipatseka. Achimwene ndiye anali osayankhulayankhula. Bambo ankati mawu onse a m'nyumba mwathu anathera kwa ine.

Sukulu anayamba mu 1957, sekondale anakaphunzira ku Salt, ndipo mu 1970 anapita ku Cairo kukaphunzira za makina a ndege. Mu 1978 anamanga banja ndi mayi Hiyam. Mu 1985 boma linawasankha kukhala ofufuza ngozi za ndege. Nthawi imeneyo n'kuti mlongo wathu atakwatiwa ndi a Tawfiq, oyendetsa ndege, munthu wanthabwala amene ankatha kuseketsa ngakhale achimwene. Ankawauza kuti, "Alamu, ine yanga n'kuziulutsa, yanu n'kutola. Tisamakumane kuntchito."

Pa 17 Novembala 1994, ndege yakatundu imene a Tawfiq ankayendetsa inagwa m'mapiri a dziko lina kutsidya kwa nyanja. Panalibe wopulumuka. Lamulo la mayiko limati kafukufuku amatsogolera ndi eni dziko limene ndege yagwera, ndipo dziko lopanga ndegeyo ndi dziko la eni ake amatumizako nthumwi. Lathu linatumiza achimwene. Anapempha kuti apite wina, koma akuluakulu awo anati, "Abu Fadi, m'dziko muno ndani si mlamu wa mnzake? Pitani."

Anapita. Anakhala m'chipinda chotseka ndi alendo asanu, kumvetsera mphindi makumi atatu zomaliza zimene makina ojambula mawu a m'ndege ija anasunga. Popeza womva Chiarabu anali iwo okha, anazimvetsera mobwerezabwereza kwa masiku anayi. Lamulo lomwelo limati mawu amenewo satuluka. Mu lipoti mumalowa zokhudza ngozi zokha, zina zonse zimatsalira m'makutu a amene anamva. Achimwene ankati tsiku limene oyendetsa ndege adzadziwe kuti zoyankhula zawo zimafika pamakhonde, adzayamba kutseka pakamwa, ndipo chogwetsa ndege sichidzadziwikanso. Lipoti linatuluka mu 1996. Linati chipangizo chochenjeza kuti phiri layandikira chinachedwa kulira, ndipo chinasinthidwa m'ndege zonse za mtundu umenewo. Silinaloze munthu chala, chifukwa kafukufuku wotere si mlandu.

Koma mlongo wathu sankafuna lipoti. Lamulungu loyamba achimwene atabwerako, Wardeh anapita kunyumba kwawo, anamuthirira khofi, ndipo iye anati, "Achimwene, za makina sindikufunsa. Amuna anga anatitchula? Anachita mantha?" Iwo anayankha kuti, "Mlongo wanga, sindingathe." Wardeh anaika kapu pansi osamwa. Nonse mukudziwa kuti kwathu kuno mlendo akatero ndiye kuti akudikira yankho, ndipo mwini nyumba amagona ndi manyazi mpaka kapuyo itamwedwa. Lamulungu lotsatira atatuluka ku Misa anapitanso, anaikanso kapu pansi. Zinatero zaka pafupifupi makumi atatu. Alamu anga a Hiyam ankangoti, "Khofi amene ndataya chifukwa cha inu awiri akanathirira munda wa azitona."

Ndiulule pano pamaso pa abambo ansembe: ine ndinawanyoza achimwene. Ndinawauza kuti lamulo lolemba alendo lisakule kuposa misozi ya mwana wa mayi awo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wamaliza?" Ndinatha chaka chathunthu osawalonjera. Chaka chimenecho ndikuchifuna lero, ngakhale tsiku limodzi lokha.

Anapuma pantchito mu 2011, n'kubwerera ku mphesa za bambo athu. Mu Januwale chaka chino cha 2024 chifuwa chinayamba kuwavuta, ndipo pa 20 Malichi tinawagoneka m'chipatala ku Amman. Lamulungu lapitali, ataona kuti mphamvu zikutha, madokotala anatilola kulowa awiriawiri. Ndinalowa ndi Wardeh. Ndinawerama n'kuwanong'oneza kuti, "Achimwene, muuzeni tsopano. Angakumangeni ndani pano?" Amene anandiletsa ndi Wardeh. Anati, "Asiye, Jiries. Yankho ndinaleka kulidikira kalekale. Ndikanamwa, ndikanabweranso ndi chifukwa chanji? Ndimabwera kudzakhala pafupi ndi munthu amene Tawfiq akuyankhulabe m'mutu mwake." Achimwene anamugwira dzanja kwa nthawi yaitali. Anatisiya Lachiwiri pa 2 Epulo, ali ndi zaka 73.

Asiya akazi awo mayi Hiyam, ana atatu, Fadi, Rula ndi Nader, adzukulu asanu ndi awiri, mlongo wawo ndi ine. M'malo mwa banja, ndikuthokoza abambo ansembe, madokotala ndi anamwino, anzawo akuntchito amene abwera, amene atumiza mauthenga kuchokera kumayiko akutali, ndi amayi amene akutiphikira mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa uja, kuholo ya tchalitchi. Mulungu asakuonetseni zowawa.

Popereka chipepeso, musamudumphe Wardeh, wakhala kumapeto kwa benchi yachiwiriyo. Amuna ake tinawaika mu 1994, koma mawu awo tikukawaika lero, ndipo wafedwa kachiwiri.

Abu Fadi, achimwene anga, munasunga zimene anakusungitsani. Takusowani kale. Usani mumtendere, inu ndi alamu anu.