Makina Osokera a Mayi Telala

Olemekezeka a Jaji a bwalo lalikulu, amene mwasiya milandu ikudikira kuti mukhale nafe, olemekezeka mkulu wa apolisi, olemekezeka mkulu wa ndende, amene ndaona kuti mwasankha mpando wa pafupi ndi khomo monga mwa ntchito yanu, wapampando wa bungwe lomwe lamanga ofesiyi, alangizi a zamalamulo amene muyambe ntchito lero, atolankhani, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ndithokoze pondiitana. Pa pulogalamu mwalemba kuti ndine katswiri pa milandu ya katundu. Amene analemba mawuwo sanandione chaka changa choyamba, ndipo popeza mboni zambiri za chaka chimenecho zinatisiya, ndikanatha kungokhala chete. Koma ndifotokoza.

Ndili woimira boma pamilandu, jekete yatsopano, ndinalandira fayilo ya mayi wina amene aliyense ankangoti Mayi Telala. Amuna awo atamwalira, alamu awo anabwera ndi lole n'kutenga katundu yense, ati kukasunga. Anasunga mipando, anasunga bedi, anasunganso makina osokera amene mayiwo ankadyetsera ana atatu. Patatha mwezi, mayiwo anabwereka wilibala, napita kwa alamu awo dzuwa lili paliwombo, nakatenga makinawo. Alamu anathamangira kupolisi. Ine ndinalemba milandu iwiri, kuthyola nyumba ndi kuba, ndipo ndinaona kuti ndalemba bwino.

M'khoti ndinafunsa funso limodzi. "Mayi, makinawa munatenga?"

"Ndinatenga, bwana."

Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti ndapambana. Woweruza anali bambo wachikulire, wolankhula ngati akuwerenga mndandanda wa mankhwala. Anavula magalasi.

"Mayi, munalowa bwanji m'nyumbamo?"

"Ndinaodira, bwana. Akazi awo a alamu anga anandilandira, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa."

"Makina olemerawa munakweza nokha pawilibala?"

"Ayi. Iwowo anagwira kumutu, ine kumiyendo."

"Munkadziwa kuti ndi a eni ake?"

"Eni ake ndine, bwana. Ndawapalasa zaka khumi ndi ziwiri. Malemu sankadziwa ndi polowetsa ulusi pomwe."

Woweruza anatembenukira kwa ine. "A boma, lamulo limati wothandiza wakuba nayenso ndi wakuba. Mayi anagwira kumutu aja muwabweretsa liti?"

Ndisanayankhe, alamu aja anaimirira kumbuyo n'kunena kuti nkhaniyi ndi ya pabanja, ikhoza kukambidwa kunyumba. Anauzidwa kuti akhale pansi.

Mlandu unatha tsiku lomwelo, mayi aja anamasulidwa. Woweruza anandiitanira ku ofesi yake, osandipatsa mpando. Anati, "Mwanawe, kuba si kunyamula. Kukanakhala kunyamula, onse okankha mawilibala mumsika bwenzi ali kundende. Lamulo limafunsa zimene dzanja lachita, limafunsanso zimene mtima unkadziwa. Munthu wotenga chinthu akukhulupirira moona kuti n'chake, ngakhale atalakwitsa, si mbala. Iwe unafunsa dzanja lokha."

Mwaseka, ndipo inenso masiku ano ndimaseka. Koma mayi aja anali atakhala m'chitokosi masiku khumi ndi limodzi, chifukwa panalibe munthu wowauza kuti kuli chinthu chotchedwa belo. Sukulu yomwe inawapatsa ntchito yosoka mayunifolomu inapita kwa telala wina. Mwana wawo wamkulu, wa zaka khumi ndi zitatu, anasiya kupita kusukulu kuti aziphikira azing'ono ake, ndipo chaka chimenecho mayeso sanalembe. Fayilo yonseyi inali ndi siginecha yanga.

Ndinawapeza panja pa khoti akumanga makina awo pawilibala. Ndinati, "Mayi, pepani." Anandiyang'ana kuyambira kukolala mpaka kumabatani, nati, "Ndamva, achimwene. Koma ngati mukufunadi munthu woti mumumange, kamangeni amene anakusokerani jeketeyo."

Alangizi athu, anthu amene adzalowe pakhomo ili sadzabwera ndi mawu a m'mabuku. Wina adzati anagula foni pamsika osadziwa kuti ndi yobedwa, wina adzati anangosungira mnzake chikwama, winanso adzakhala atabadi, ndipo naye muyenera kumuuza zoona mosamunyengerera. Musathamangire kulemba. Funsani kuti anatenga chiyani, kenako funsani kuti ankadziwa chiyani, ndipo Lolemba lililonse m'mawa mmodzi wa inu azikafika kupolisi kukaona amene agonamo kuyambira Lachisanu. A mkulu wa apolisi agwedeza mutu, ndipo atolankhani mwaona nonse.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti ofesi ya uphungu wa zamalamulo imeneyi yatsegulidwa, ndipo munthu woyamba akhoza kulowa.

Zikomo kwambiri.