Maginito Okana Kulondera Munda

Chimanga cha bambo Hosea ku Mnkhanya chinali chitakhwima, ndipo njovu zinali zitamva kale mbiri yake. Atatopa ndi kugona pachilindo mpaka msana kuuma, mkuluyu, yemwe anapuma pa usikauti woteteza nyama zakutchire koma makani sanapume nawo, anaitana mlamu wawo Ruben, wokonza mawailesi ku Mfuwe, kuti adzaone nyale yoti izilondera munda mwini wake ali m'bulangete kunyumba.

Makina ake anali paipi yokulungidwa waya, kababu kumapeto, ndi maginito a m'sipika yakale omwe anawatsekera m'kati ndi zisanza kuti asagwedere.

"Pimani, alamu," anatero a Hosea, manja m'chiuno.

Ruben analumikiza mita yake yopimira magetsi nayang'ana kwa nthawi. "Mita yanga ili bwino. Ikuti ziro."

"Simunagwire bwino. Maginito awa amanyamula khasu."

"Khasu anyamula, koma angokhala. Waya samva maginito ongokhala."

Apa Ruben anafotokoza mofatsa, monga amachitira kwa munthu wobwera ndi wailesi yonyowa, kuti magetsi amabadwa pokhapokha mphamvu ya maginito yodutsa m'mikombero ya waya ikusintha. Ikangokhala chimodzimodzi, kaya ndi yaikulu bwanji, palibe chotuluka. A Hosea anamvetsera ndi khutu limodzi, linalo likukonza yankho.

"Chinthu champhamvu sichiyendayenda, alamu. Ine m'tchire ndinkabisalira opha nyama maola faivi osasuntha ngakhale chala."

"Nanga munkayaka?"

"Musandiseke. Waya uyu ndamukulunga ka thu handiredi."

"Mukamukulunga ka thu sauzande, zithandiza kwambiri."

"Ehee, mwayamba kumva."

"Maginito akamayenda. Akangokhala, ziro wanu yemweyo."

A Hosea anati ndi nkhani yongodikira basi, poti ngakhale chitsime sichidzaza tsiku lokumba. Anakhala pansi pa mtengo, maso pa kababu. Ruben, munthu womvera, anadikira nawo, ndipo mphindi teni zilizonse ankalengeza ziro mwaulemu wonse. Ulendo wachinayi mkulu uja mtima unamuwawa. Anazula zisanza, nakutumula paipi kuti maginito opanda pakewo agwe pansi, ndipo pomwe ankatsetsereka kababu kanaphethira.

"Kayaka!"

Anawabwezera m'kati msanga, kababu kanaphethiranso, kenako zii.

"Kababu aka n'kamwano. Kakuyaka ndikamachotsa, ndikaika bwino kakuzima."

"Kakuyaka mukamasuntha. Tsekani uku ndi uku, mugwedeze."

Anagwedeza, osati chifukwa chovomera, koma kuti amutsutse. Kababu kanayamba kung'anima ngati chiphaniphani, ndipo sikauti wakale uja anavina nayo paipi pakati pa mizere, thukuta lili kamukamu.

"Ndigwedeze mpaka liti?"

"Mpaka mukolole."

Anaima, kababu nako kanaima. Zinali zomvetsa chisoni ndithu kuona munthu wamkulu akuyang'ana chilindo chomwe anali atatsanzikana nacho kale. Koma makani safa msanga. Mwadzidzidzi nkhope yawo inawala, naloza chingwe chozungulira munda, chopakidwa tsabola woingitsira njovu.

"Ndiimangirira apo. Njovu ikakankha chingwe, paipi igwedezeka. Wogwedeza akhale mwini wake wakubayo, ine ndili m'tulo. Tsutsani pamenepo, a injiniya."

Ruben anakanda mutu, nayendera chingwecho ndi maso mpaka pakona.

"Sinditsutsa. Ikakankha mwamphamvu, kayaka ndithu."

"Mwamva? Ndapambana."

"Kokha kuti kuwala kwake n'kochepa. Sikufika patali."

"Kufika pati?"

Ruben anaponda mapazi atatu kuchokera pachingwe, naima pa phesi la chimanga chonenepa kwambiri m'munda monse. "Apa."

"Ndiye njovu ithawa?"

"Ayi, alamu. Iona bwino poyambira."