Dzina Loyamba ndi A

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndine Lusiya, wa konkuno ku Matundo. Mukundidziwa, sindine woyankhulayankhula. Ndiye ndachita kulemba. Mundipirire.

Achimwene anga, amene timawatchula kuti mano Amosi, anali ku usilikali kumpoto kuja kuli nkhondo. Anabwerako amoyo. Amoyo, abale! Mayi anavina mpaka fumbi koboo. Patapita miyezi, mano analembetsa ku instituto, sukulu ya tsidya la mlatho, kuti aphunzire zamagetsi. Tinati basi, mavuto atha.

Anali asanathe.

Ine ndili ndi kabuku komwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku. Ndinayamba kuona kuti ndikulemba zomwezomwezo. Lolemba, mano abwera msanga. Lachitatu, mano abwera msanga. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba, buku lili pamwendo, losatsegula.

"Mano, simunapite?"

"Ndinapita. Ndinakathera pakhomo."

Anandifotokozera chapansipansi. Aphunzitsi anakhazika ophunzira potsata maina a m'kaundula. Lawo limayamba ndi A, ndiye mpando wawo unali kutsogolo kwenikweni, khomo lili kumbuyo.

"Anthu onse kumsana kwanga, Lusiya. Wina akangogwetsa cholembera, mtima umachoka. Sindimva kanthu."

Kujomba kunachuluka. Kunatsala masiku awiri okha kuti awachotse sukulu. Awiri okha, abale! Pasukulupo pali ofesi yothandiza ophunzira amene anali asilikali, koma mano ankakana. "Ine si wodwala," ankatero.

Ndinapemphera. Kenako ndinakwera chapa, minibasi zathu zija, ndekha. Mu ofesimo ndinapeza bambo wina wa imvi, a Mateyu.

"Mwanawe, nawenso unali msilikali? Unali mkulu wa gulu liti?"

Ndinangotsegula kabuku kanga n'kuwapatsa. Kabuku koti ngakhale mayi sanakagwirepo!

Anawerenga osafulumira. Kenako anati, "Taona m'mene ndinaikira tebulo langali." Ndinayang'ana. Msana wawo unali kukhoma, maso kukhomo. "Inenso ndinali kunkhondo, mwana wanga, iwe usanabadwe. Mlongo wako si waulesi."

Tsiku lomwelo anakaonana ndi aphunzitsi. Mpando unasinthidwa, za kujomba zija anakambirana. Anandipatsanso kakalata koitanira mano ku msonkhano wa Lachinayi, wa anzawo amene anachokanso ku usilikali.

Mano anakwiya. "Iwe, wakandiyanika kwa anthu!" Masiku atatu osandiyankhula. Ndinalira, koma sindinadandaule kuti ndinapitiranji.

Lachinayi anapita. Pobwera anaima pakhomo la khitchini, akudzigwira kuti asaseke.

"Ukudziwa? Kumeneko aliyense amakanirira kukhoma. Pakati pa chipinda mbee! Timangoyang'anizana ngati tikudikira gule."

Anaseka, abale. Chibwerereni ndinali ndisanawamve akuseka.

Sindikunena kuti zonse zatha. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimukabe. Koma m'mawa uliwonse amawoloka mlatho, ndipo mayeso a chaka choyamba akhoza. Lachinayi saphonya. Mwezi watha iwowo ndi amene anaperekeza mnzawo watsopano ku ofesi kuja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyendetsa ine wamanyazi. Ndikuthokoza a Mateyu. Ndikuthokoza inu amayi a mpingo amene munkatipempherera osafunsa zambiri.

Ndipo zokuzira mawu zathuzi, zimene zakhala zikulira ngati mbuzi chaka chonse, akonza ndi mano dzulo. Mukundimva bwino kumeneko? Ndiye nenani Amen!