Za Njinga Imene Inagunda Ngolo pa Mtsetse wa Kamwala

BOMA LA DEDZA, NYUMBA YA APOLISI
Lolemba, 16 Juni 1913

Kwa Bwana Wamkulu wa Boma, ndi kwa onse osunga lamulo pansi pawo: ndapereka moni ndi manja awiri.

Ine, Gerevazio Kamtsitsi Mbewe, wa zaka ngati makumi atatu ndi zinayi monga anandiwerengera a Bambo a ku mishoni, wa m'mudzi wa Chikungu kumunsi kwa Bembeke, woyendetsa ngolo ya ng'ombe, ndikunena motere. Ndalemba ndi dzanja langa chifukwa a kalaliki a pano adwala dzino. Sukulu ndinaphunzira zaka ziwiri.

Ngolo imene ndimayendetsa ndi ya mmwenye wa sitolo ya pa Boma. Imanyamula anthu ndi katundu pakati pa Bembeke ndi Boma, Lachitatu ndi Loweruka. Ng'ombe zake ndi ziwiri, Nkhungu kumanzere ndi Mawanga kumanja.

Loweruka lapitali, pa 14 Juni, tsiku la msika wa pa Boma, ndinanyamuka ku Bembeke belu la Misa ya m'mawa litangolira. M'ngolo munali matumba asanu ndi limodzi a kachewere, amayi anayi, mbuzi imodzi yomanga miyendo, ndi a kopolo Ackim a polisi ya pano, amene ankachokera kukaona abale awo. Ndinawapempha a kopolo kuti akhale kutsogolo pafupi ndi ine. Iwo anati kumbuyo kuli mpweya wabwino, ndipo anakhala pamwamba pa thumba lomalizira, miyendo ili panja.

Mumsewu munali anthu ambiri opita kumsika, ena ndi madengu, ena ndi nkhuni, ena ndi nkhumba pachingwe. Kunalinso chifunga pang'ono.

Dzuwa litakwera ngati mikono iwiri tinafika pa mtsetse wa Kamwala, ife tikukwera. Malo amenewa msewu ndi wopapatiza. Kumanzere kwanga kunali thanthwe, kumanja kunali mpata wa mapazi anayi, kenako ngalande yakuya mpaka m'chiuno. Mpata umenewo ndi wokhawo podutsa njinga ikakumana ndi ngolo.

Mumpatamo, mapazi ngati khumi patsogolo pa ng'ombe, munkayenda a Magadalena Nankhoma a m'mudzi mwathu, atasenza dengu la nyemba. Ndinawaitana kawiri kuti akwere. Anakana, anati mbuzi imene ili m'ngolomo ndi ya anthu amene sayankhulana nawo.

Nthawi yomweyo ndinamva belu la njinga pamwamba pa mtsetse, katatu. Ndinaona Anselmo Ngozo, amene amanyamula makalata ndi mankhwala a ku mishoni, akutsika kuchokera ku Boma. Ndimamudziwa kuyambira tili abusa a mbuzi. Liwiro lake silinali lalikulu. Manja onse awiri anali pa chiwongolero, ndipo ankalunjika mumpata muja monga amachitira masiku onse tikakumana.

Pano ndipemphe a Bwana amvetse bwino. Anselmo anakwatira Falesi, mwana wa a Nankhoma, mwezi wa Janyuwale chaka chino. Choncho a Nankhoma ndi apongozi ake. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, sayankhula nawo pakamwa ndi pakamwa, ndipo akakumana panjira onse awiri amapatuka, wina uku wina uko. Mwambo umenewu unapangidwa anthu akuyenda pansi.

Atatsala mapazi ngati makumi awiri, a Nankhoma anamuzindikira. Anafuna kupatuka koma panali ngalande. Anangoima, natembenukira kutchire, nadziphimba kumaso ndi nsalu. Anselmo nayenso anawazindikira. Anavula chipewa ndi dzanja lamanja. Dzanja lamanja ndi limene limagwira buleki ya njinga imeneyo, chifukwa ya kumanzere inaduka nthawi ya mvula. Kenako anatembenuzira nkhope kuthanthwe. Njinga inatsata nkhope.

Ine ndinakuwa kuti, "Anselmo, ng'ombe!" Sanacheuke, chifukwa kucheukira kwa ine kunali kucheukira kwa apongozi.

Njinga inalowa pakati pa Nkhungu ndi Mawanga n'kugunda goli. Anselmo anauluka pamwamba pa goli n'kugwera chamimba pamsana pa Mawanga. Ng'ombe zinabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Ngolo inagwedezeka, thumba lomalizira linatsetsereka, ndipo a kopolo anatsika nalo limodzi mpaka m'matope. Thumbalo linaphulika. Kachewere anagubuduzika mtsetse wonse, kofiya ya a kopolo, chipewa chawo cha polisi, ili patsogolo.

Ndinatsika n'kugwira ng'ombe. Ndinawerenga anthu, onse analipo. Wovulala panalibe, kupatula Anselmo amene anasupuka chigongono, ndi a kopolo amene ananyowa kabudula. Njinga inathyoka masipoko atatu ndipo belu linapindika.

Anselmo ali chigonere pamsana pa ng'ombe, nkhope ili kuthanthwe, chipewa chili m'manja, anati, "A Gerevazio, tawafunsani mayi ngati adzuka bwino."

Ndinawafunsa. A Nankhoma anayankha ali m'nsalu momwemo kuti, "Auzeni tadzuka. Kaya iwo adzuka bwanji?"

Ine ndinati, "Iwo adzukira pang'ombe, mayi."

Amayi a m'ngolo anaseka mpaka mmodzi anakhalira mbuzi. A kopolo sanaseke. Anabwera, namutsitsa Anselmo, namufunsa kuti, "Iwe, maso ako anali kuti?" Anselmo sanayankhe. Anamufunsanso kuti, "Msewu wonsewu, wasankha ng'ombe?" Anangoyang'ana kuthanthwe. A kopolo anamununkhiza m'kamwa. Anati mukununkha mbatata yootcha basi.

Ndinayamba kufotokoza. Anselmo anandigwira dzanja nati chapansipansi, "Musawatchule. Akamva kuti ndagwa chifukwa cha iwo pamaso pa anthu onsewa, ndikalowa bwanji pamudzi?" Ndinatseka pakamwa.

A kopolo ananena kuti munthu wogunda dala ngolo yokwera msilikali wa Boma, n'kukana kuyankha, adzalandidwa njinga ndi kukagwira ntchito ya msewu mwezi wathunthu. Anakweza njinga m'ngolo. Anselmo anayenda pambuyo pa ngolo mpaka ku Boma, a Nankhoma anayenda patsogolo patali, ndipo sanaonane. Tinafika dzuwa lili pamutu. Anselmo anatsekeredwa m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ino, ndipo ali momwemo mpaka lero.

Masana a tsiku lomwelo, pobwerera, ndinaimitsa ngolo pa Kamwala. Ndinauza okwera kuti sindichoka mpaka malowa titawakonza. Tinabwereka makasu asanu m'mudzi wapafupi. Amuna asanu ndi atatu ndi amayi ambiri amene sindinawawerenge tinachita zinthu izi. Tinayala mitengo itatu pangalande ngati mlatho, n'kulambula kanjira ka mapazi makumi atatu kolowa m'tchire ndi kutulukira kumunsi kwa mtsetse, kuti wofuna kupatuka apatuke ndithu. Tinapachika khasu lakutha pamtengo wa msuku pamwamba pa mtsetse, ndi mwala wake pansi, kuti wa njinga aliyense aime, atsike, amenye khasulo, ndipo akamva chikwapu changa chikuyankha, adikire ngolo idutse. Inenso ndinalonjeza kuti ngolo iziima pamsuku womwewo ulendo uliwonse, kuti okalamba azikwerera pamenepo m'malo moithamangira pachitunda. Ndinaikanso lamulo langa kuti pathumba lomalizira pasakhale munthu, ngakhale wa kofiya.

Lamulungu, Misa itatha, a Nankhoma anandiitana kunyumba kwawo. Panali Falesi ndi malume ake a Petulo. A Nankhoma anati, "Mwana wa eni ake wagona pansi usiku wonse chifukwa chondipatsa ine ulemu. Kodi ndidikire mpaka adzalowe m'kamwa mwa ng'ombe?" A Petulo ananena kuti manyazi a upongozi amatha mkamwini akapereka nkhuku kwa apongozi ndi manja ake pamaso pa mboni, ndipo kuyambira pamenepo amayang'anana ndi kuyankhulana. Anati kawirikawiri zimadikira mwana woyamba abadwe. A Nankhoma anati, "Amene ananena zodikirazo analibe mkamwini wa njinga." Kenako anandiuza kuti, "Pitani mukanene zonse. Dzina langa mulitchule, mulembe ndi zilembo zazikulu." Ndiye ndalemba: MAGADALENA NANKHOMA.

Lero m'mawa tabwera pa ngolo, ine, a Nankhoma, a Petulo ndi Falesi, ngakhale si tsiku la ulendo. Mmwenye wavomera. Falesi wanyamula thadzi lakuda. Pa Kamwala tinamva khasu likulira, ndinayankha ndi chikwapu, ndipo njinga ya mphunzitsi wina inatidikira pamsuku mpaka tinadutsa.

Titafika pano ndinafotokozera a kopolo Ackim zonse zimene ndalembazi. Anati mwambo si chifukwa chogwetsera munthu wa Boma m'matope. Ndinawafunsa kuti, "Nanga inu a kopolo, mukakumana ndi apongozi anu panjira mumatani?"

Anati, "Ndimapatuka."

Ndinati, "Pakakhala ngalande?"

Anati, "Ndinalowamo kale kamodzi, ndi mfuti yomwe."

Kenako anandipatsa pepala ili ndi cholembera, nati ndikalemba zoona ndi kulumbira, iwo achotsa dandaulo lawo pamaso pa a Bwana, njinga ibwerera ku mishoni, koma buleki ya kumanzere ikonzedwe sabata lino. Anatinso kofiya yawo yochapa sinaume bwino, ndipo zimenezo ndizilembenso. Ndazilemba.

Ndikuchitira umboni kuti Anselmo Ngozo sanaledzere, sanathamangitse njinga, ndipo sanagunde ngolo dala. Analiza belu katatu. Anavula chipewa ndi dzanja la buleki.

Pamene ndikumaliza, a kopolo aima pakhomo la chipinda chakumbuyo, kiyi ali m'manja, ndipo andiuza kawiri kuti ndifulumire. Falesi ali pakhonde ndi thadzi. A Nankhoma akhala pansi pa mtengo panja, ayang'ana pakhomo pomwepo, ndipo nsalu aisiya pamapewa.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo ndikulumbira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa Boma kuti sindinaonjezepo kapena kuchotsapo kanthu.

Ine mwini,
Gerevazio Kamtsitsi Mbewe