Jasi la a Jenerali Labwerera Kwa Mwini Wake

Miyezi isanu yapitayo, anzanga, bambo anga anatenga jasi la mkulu wa asilikali a ku Iran osadziwa kuti alakwa, ndipo dzulo labwerera, ndipo walibweza ndine! Dikirani ndipume kaye, ndiyambe bwino.

Kuseri kwa mpanda wathu ku Ellenbrook, kudziko la eni kuno komwe tinasamukira, kumakhala agogo ena aamuna amene timangowatchula kuti a Jenerali. Kuzizira kutangoyamba, bambo anawaona atavala jasi lalitali la mabatani onyezimira, nati, "Madala, koma jasi ili ndi lokongola." Agogowo anavula pompo n'kuwapatsa. Bambo anawomba m'manja n'kulandira ndi manja awiri, poti kwathu mphatso sakana. Kuyambira pamenepo ankapita nalo kuntchito ku Welshpool, kutchalitchi, ngakhale kokataya zinyalala, koma a Jenerali anayamba kuonda, ndipo moni ankayankha maso ali pa jasi.

Dzulo masana ndinapita kukawafunsa za makedzana, ntchito ya kusukulu, ndipo bambo anandiperekeza jasi lili m'thupi, dzuwa likuswa mtengo. Agogowo amayankhula Chingerezi, koma ndikuuzani m'chathu.

"Kale, mwana wanga," anayamba akuthira tiyi m'timatambula ting'onoting'ono, "ndinalowa usilikali ndevu zisanamere, ndipo ndinayamba n'kupukuta nsapato za ena, koma nkhondo itabuka m'malire akuluakulu ambiri anadwala msana mwadzidzidzi, ine n'kumangokwera, mpaka ndinapezeka ndikulamula magulu ankhondo kumapiri kozizira koopsa, komwe jasi limodzi tinkafunda anthu atatu. Ukulemba? Lemba. Masiku amenewo ndikati 'imani' chigwa chonse chinkaima, koma lero ndikati 'imani' ngakhale basi ya kusiteshoni imangodutsa."

"Nanga pa ndale, agogo, mumati chiyani?" ndinafunsa, poti funsolo linali papepala.

"Ndale zanga n'zazifupi. Msilikali azilondera pakhomo, asamakhale pampando wa mwini nyumba. Ndipo kwathu tili ndi mwambo wotchedwa taarof: munthu akakupatsa chinthu umakana, iye akakamize, iwe ukanenso, mpaka kachitatu, pamenepo ndiye umadziwa ngati akupereka ndi mtima kapena ndi pakamwa chabe. Nkhondo itatha anandiitana kulikulu nati nditenge unduna, ndipo ndinakana monga munthu woleredwa, koma asananenenso kachiwiri, mnzanga wina woti mfuti ankaigwira ngati tsache anati, 'Ine ndilandira.' Ndinadziwira pomwepo kuti dziko lasintha, ndipo patapita zaka ndinachokako ndi sutikesi imodzi ndi jasi limodzi. Munthu wolandira ulendo woyamba, mwana wanga, usamusungitse dziko, ngakhale nkhuku yomwe."

Anzanga, mukanaona nkhope ya bambo! Thukuta kamukamu. Anandinong'oneza, "Iwe Tadala, ine ndinakana kangati?"

"Simunakane, adadi. Munafunsanso ngati chipewa chake chilipo."

"Safunsa anadya phula," anatero bambo akumasula mabatani. Analipinda bwinobwino nalipereka. "Madala, jasi lanu."

"Ayi, ndi lanu," anatero a Jenerali, dzanja pachifuwa, maso pa jasi. "Limakukhalani kuposa ine."

Ndiye bambo mukudziwa anatani? Anati, "Zikomo kwambiri," n'kuyamba kulowetsanso mkono! Ndinawaponda phazi.

"Kamodzi ako, adadi. Perekaninso."

"Koma akana okha mkuluyu."

"Perekaninso!"

Anaperekanso, ndipo agogo anati, "Nkhalamba ngati ine ndizilivala kuti?" Bambo anandiyang'ana, ine n'kuimika zala ziwiri. Apo ndiye anadzuka ngati akulalikira: "Madala, mukakananso, ndilisiya pampandopa, ndidumpha mpanda, ndipo simudzandionanso mpaka Khirisimasi."

A Jenerali analilandira. Analikumbatira ngati mwana wochokera kutali, kenako analivala kutentha konse kuja, msana womwe umakhala wopindika uja n'kuwongoka kuti njo. M'thumba anapezamo sipanala ndi mtedza wokazinga, ndipo anaseka mpaka misozi, kuseka komwe sitinakumve chiyambire kuzizira.

"Lemba ichi pomaliza," anandiuza. "Inu ana okulira m'dziko la eni, musamafulumire kulandira, kaya ndi mpando kaya ndi jasi, koma mukamapereka muzifika kachitatu, poti alipo amakana pakamwa mtima ukulira."

M'mbale munatsala bisiketi imodzi, ndipo agogo anaikankhira kwa bambo. Bambo anadzikonza, dzanja pachifuwa, nati, "Ayi, madala, sindingathe," akudikira kachiwiri.

A Jenerali anawomba m'manja, anaitenga ndi manja awiri n'kuiponya m'kamwa. "Zikomo kwambiri," anatero akutafuna. "Miyezi isanu iyi nanenso ndaphunzira za kwanu."