Tayi ya Amalume

Mwamva zomwe anthu akunong'onezana, zoti bambo anga anachotsedwa pa upulezidenti wa bungwe la atelala? Ine ndinalipo, ndikusesa tinsalu m'shopu ya bungwelo, ndiye ndikuuzeni zenizeni. Pulezidenti ndiye amaika makina ake pawindo, pomwe makasitomala amayambira, koma amalamulira materemu awiri basi. Yachiwiri ya bambo inali pafupi kutha pomwe anaitana amalume, achiwiri awo pa mpando.

"Alamu, ndichotseni pa mpando."

"Mwatopa? Tulani pansi udindo."

"Ayi! Mundichotse inuyo. Teremu yosatha siwerengedwa, eti?"

"Siwerengedwa."

"Basi! Ndiimanso."

"Koma timachotsa wolakwa. Mwalakwa chiyani?"

"Pezani!"

Amalume anaganiza, akusisita tayi yawo. "Palibe. Ndinu munthu wabwino."

"Musandinyoze, alamu! Ndimagona pa misonkhano."

"Tonse timagona."

"Ndinasoka buluku mwendo wina waufupi."

"Mwini wake amatsimphina. Anabwera kudzathokoza."

"Ndimakalipira mamembala!"

"Makina akamalira sitimva."

Bambo anatuluka thukuta. Kenako anatola sizasi, n'kugwira tayi ya amalume, khapu! Ine tsache linandigwa m'manja.

"Nanga izi?"

Amalume anatola chidutswacho, n'kuchiyang'ana uku ndi uku. "Kuwononga katundu wa membala. Eya, uwu ndiye mlandu."

"Mundichotsa?"

"Mawa lomwe. Anthu sangavute."

"Teremu ija?"

"Yafufutika."

Bambo anayamba kuvina, tepi ili m'khosi. Amalume anadikira mpaka atamaliza.

"Kungoti wochotsedwa saimanso moyo wake wonse."

"Aaa! Lamulo lopusalo anaika ndani?"

"Inuyo. Muja munkachotsa amene analipo inu musanalowe. Munati asadzabwererenso."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munafunsa za teremu. Za kuimanso simunafunse, munangonena." Anayeza windo ndi maso. "Makina anuwa muwasunthe lero, anga ndi aakulu."

Bambo anaika ulusi pa singano. "Alamu anga okondedwa, bweretsani tayiyo ndilumikize. Sidzaoneka n'komwe."

"Iyayi," anatero amalume, akuipinda bwinobwino m'thumba. "Umenewu ndi umboni."

Pano bambo amasokera kumbuyo, pafupi ndi chimbudzi. Amayi akuti mchimwene wawo ndi wofatsa, sadziwa chinyengo. Chabwino. Koma tandiuzeni inuyo: munthu woti ngakhale pa ukwati wake sanavale tayi, tsiku limenelo anaivalira chiyani?